Kanyali kachikasu pa ulendo wa ku Bembeke

Lolemba usiku

Tafika bwino. Ndikulemba zala zitauma gwa, nditafunda mabulangete awiri, pomwe amayi ali pamoto kukhitchini ndi achemwali awo, akucheza ngati sanayende ulendo n'komwe.

Tinanyamuka ku Liwonde cha m'ma 1 koloko masana, galimoto ikuonetsa kuti kunja kukutentha madigiri 28, ngakhale uno ndi Julayi. M'katimo tinalimo anayi: ine pachiwongolero, amayi, mwana wanga wachisamba, ndi msuweni wanga amene tinamutenga pa Balaka. Kumbuyo kunali matumba awiri a simenti, mpunga, usipa ndi zikwama. Tabwera kudzamanga chiliza cha agogo, mayi awo a amayi, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo. Malume anati chaka chino chisadutse, ndipo nyengo yake ndi inoyi, anthu atakolola, mvula itapita.

Kuchokera pa Chingeni msewu umangokwera. Tinadutsa Kampepuza, boma la Ntcheu, Biriwiri, Mlangeni, anyamata akutikweza mapani a mbewa m'mbali mwa msewu. Pa Lizulu tinaima. Amayi sadutsa pamenepa osagula kabichi ndi kachewere, ndipo lero anaoloka msewu kukagula tsidya linalo, n'kumuuza mdzukulu wawo kuti, "Waona? Agogo ako apita ku Mozambique wapansi, abwerako ndi anyezi." Potuluka m'galimoto m'pamene ndinamva kuti mphepo yasintha. Amayi ogulitsa anali atamanga zitenje m'mutu mpaka m'makutu. Pokhota pa mphambano ya Bembeke dzuwa linali litapendeka, nambala ija itatsika kufika pa 13.

Lachiwiri

Kwacha ndi nkhungu yoti nyumba ya malume, imene ili pafupi pomwepa, sinkaoneka. Cha m'ma 6 koloko ndinapita kukaliza galimoto kuti tipite ku boma la Dedza kukagula waya, penti ndi matailosi. Madigiri 7. Nyali zonse za pa dashibodi zinayaka n'kuzima monga mwa masiku onse, kupatula kamodzi, kachikasu, kamene sindinakaonepo chigulireni galimotoyi chaka chatha. Kamaoneka ngati kamphika kakukamwa kotsegula, kunsi kwake kuli timano, m'kati mwake muli kamzere koimirira ndi kadontho, konga kamene timalemba pa mapeto a mawu ofuula. Amayi atasuzumira anati ndi mtsuko.

Mtima unagunda. Tili kutali ndi makaniko wanga, ndipo ntchito yonse ya sabata ino ikudalira galimoto imodziyi. Ndinatulutsa kabuku kake n'kupeza chithunzicho: mpweya wachepa m'tayala. Ndinazungulira galimoto kawiri, ndinagwada, ndinakanikiza ndi chala, ndinaponda ndi phazi. Matayala onse anayi ankaoneka bwinobwino.

Malume anatuluka atavala chijasi chawo chakale. Iwowa anayendetsa malole zaka zambiri asanapume, ndiye pa nkhani ya galimoto mawu awo amalemera. Anagogoda tayala lililonse ndi ndodo, akutchera khutu.

"Nangozo, ndi chisanu chimenecho. Galimoto yachokera kotentha iyi. Iyende pang'ono, kazima kokha."

Ndipo zinaterodi. Titangoyenda mtunda pa tala, kanyali kanazima. Malume anangondiyang'ana osanena kanthu.

Koma mtima wanga sunakhale pansi. Galimoto yanga yoyamba, kaja kochokera ku Japan, kanalibe zimenezi, ndipo ndinkangodziwa za tayala likaphwa. Iyi inachokera ku UK, ndi ya 2016. Madzulo ano ndinakwera pachulu chili kuseri kwa khola, pokhapo pamene foni imagwira, n'kuwerenga. Kanyalika sikokongoletsa ayi. Kanabwera chifukwa anthu anafa. Ku America m'chaka cha 2000 matayala a Firestone mamiliyoni angapo anachotsedwa pamsika zitachitika ngozi zambiri, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo limene linachititsa kuti kuyambira Seputembala 2007 galimoto zing'onozing'ono zonse zatsopano zizichenjeza mpweya ukachepa. Ku Ulaya lamulo lotere linakhudza galimoto zonse zatsopano kuyambira Novembala 2014. Dzina lake amati TPMS, kutanthauza zipangizo zolondera mpweya wa m'matayala. Chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti sikayaka pa kanthu kakang'ono: ku America kamayenera kuyaka mpweya ukachepa ndi magawo 25 pa 100 aliwonse, ku Ulaya 20. Ndiye kuti pamene kanayaka m'mawa muja, tayala lina linali litatsika kale kwambiri, maso anga osaona.

Ku boma ndinafuna kuwonjezera mpweya, koma magetsi anali atazima, makina opopera ali zii. Ndinalowa m'sitolo ya zipangizo za galimoto n'kugula kageji kam'manja koyezera mpweya wa m'tayala, kofanana ndi cholembera. Kabuku kakuti muziyeza matayala atazizira, galimoto itaima maola atatu kapena kuposa. Ndidikira kuche.

Phiri la Dedza linaonekera masana nkhungu itachoka. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phirilo ndi mamita 2,198. Amayi akuti ali mtsikana ankaona mame atauma mbee pa udzu wa m'dambo, ng'ombe zikukana kutuluka m'khola.

Lachitatu

Kayakanso, ndipo lero ndinali wokonzeka.

Nambala yoyenera sindinaifune kutali. Mukatsegula chitseko cha dalaivala, pamwendo wa chitsekocho pali kapepala komata. Pa galimoto yangayi palembedwa 2.3 bar kutsogolo ndi kumbuyo, pafupifupi 33 kwa amene anazolowera psi (bar ndi psi ndi miyezo ya mpweya wa m'tayala), ndipo ikadzaza anthu ndi katundu kumbuyo kumafuna 2.6. Apa ndinaluma chala. Lolemba ndinakweza simenti ndi anthu anayi mapiri onse a Ntcheu osaganizako zowonjezera. Msuweni wanga analoza nambala ina yaikulu yolembedwa pa tayala penipenipo, akuti tipope kufika pamenepo. Ayi ndithu. Imeneyo ndi malire amene tayala lingapirire, yoyendera ndi ya pachitseko.

Ndinagwada pa udzu wonyowa, zala zikukanika kumasula tizivindikiro ta mavalavu. Mwana wanga anagwira kope la kusukulu, akulemba. Kutsogolo kumanja 2.0. Kutsogolo kumanzere 2.0. Kumbuyo kumanja 2.0. Kumbuyo kumanzere 1.7. Ndinabwereza kawiri, yomweyo.

Malume anaona manambalawo n'kunena kuti, "Si izi? Onse atsika. Chisanu."

Mbali ina akunena zoona, ndipo ndikufuna ndiifotokoze bwino chifukwa inenso ndaimvetsa dzulo lomweli. Mpweya ukazizira umanyala, ukatentha umafufuma. Dzulo masana mwana anamwa madzi n'kutseka botolo lapulasitiki, kulisiya pampando galimoto ili padzuwa. M'mawa uno tinalipeza litaphwanyika m'mbali ngati wina walifinya. Palibe analigwira, ndipo silinabooke. Zomwezo zimachitika m'tayala. Kunja kukazizira ndi madigiri 10, geji imatsika ndi pafupifupi 0.1 bar. Kuchoka pa 28 wa ku Liwonde kufika pa 7 wa kuno, ndiye ngati 0.2. Mukayamba kuyenda tayala limatentha, mpweya umafufumanso, n'chifukwa chake kanyali kanazima dzulo pa tala. Kuwonjezera apo, tayala ngakhale labwinobwino limataya mpweya pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo ine ndinapopetsa komaliza mu Epulo, masana, nditayenda kale mtunda wautali matayala ali otentha. Kunena zoona anali ochepa kale tisananyamuke. Chisanu changowavundukula.

Koma chisanu sichisankha tayala. Onse anayi anagona pabwalo limodzi, mphepo imodzi. Nanga limodzi litsika bwanji kuposa anzake? Ndinawafunsa malume mwaulemu. Anati mwina amene anapopa mu Epulo sanalinganize. Zikhozanso kutero.

Kuno kulibe makina opopera, koma mnyamata wina wa kabaza wa njinga yamoto ali ndi pampu yopondera. Valavu ya njinga yamoto ndi ya galimoto n'zofanana, inalowa bwinobwino. Msuweni ndi mwana wanga ankasinthana kuponda, ine ndikuyeza, mpaka onse anafika pa 2.3. Thukuta linawatuluka m'chisanu chomwecho, majuzi anavula. Kanyali sikanazime pomwepo. Kanazima titayenda pang'ono popita kukatenga mchenga kumtsinje.

Ntchito ya kumanda yayamba. Amuna anapita m'mawa atapempha kwa amfumu, ife amayi tikutunga madzi ndi kuwatula panjira. Amayi sanalankhule zambiri lero.

Lachinayi

Kanyali sikanayake m'mawa uno. Ndikanakhala kuti ndikudalira iko kokha, bwenzi ndikuti nkhani yatha. Koma dzulo ndinalemba manambala m'kope, ndiye ndinati ndione ngati agona momwe ndinawasiyira. Atatu anali pa 2.3. Lakumbuyo kumanzere lija linali pa 2.1. Usiku umodzi wokha.

Ndinawatengera malume kope lija ali pakhonde akumwa tiyi ndi mbatata. Anayang'ana kanthawi, anaika kapu pansi, n'kupita kukavala nsapato. "Tiyeni ku boma. Limeneli lili ndi kanthu."

Wokonza matayala amene tinamupeza ali ndi kashedi ka malata pafupi ndi msika, matayala akale ataunjikidwa ngati nkhokwe. Bambo wa imvi zochepa, manja akuda bii ndi ntchito. Anaika jeke, anamasula tayala, n'kuligubuduzira pa bafa lachitsulo la madzi a sopo. Ankalitembenuza pang'onopang'ono, akuthira madzi ndi chikho. Tinayang'ana tonse atatu, osaona kanthu. Anathiranso pa valavu, palibe. M'mphepete mwa limu, palibe. Ulendo wachiwiri anaima, analoza ndi chala.

"Mayi, bwerani muone."

Pakati pa mizere ya tayala panali kathovu kamodzi, kakang'ono ngati diso la nsomba. Kanakula, kanaphulika, kena kanabwera. Anakanda ndi sikuludilaiva ndipo panaoneka kachitsulo kowala, mutu wake utadyeka ndi msewu mpaka kulingana ndi labala. Atauzula ndi pulayazi unali msomali wa malata, wautali ngati chala changa chaching'ono, wopindika kunsonga. Mpweya unayamba kulira psii. Msomali womwewo ndi umene unkatseka bowo lake, n'chifukwa chake unkatuluka mwakabisira.

Asanachotse tayala pa limu anagwira valavu n'kundifunsa ngati galimotoyi imayatsa nyali ya mpweya. Anadziwira kuti valavuyo ndi yachitsulo, yomangidwa ndi nati, osati yalabala. Atatsegula anandionetsa: kuseri kwa valavu, m'kati mwa limu, kuli kabokosi kakuda kochepera bokosi la machesi. Kameneko ndiye kamayeza mpweya n'kutumiza uthenga ku dashibodi. Anati ambiri amakathyola ndi chitsulo chotsegulira chifukwa chosadziwa kuti kalipo, mwini galimoto n'kumadabwa kuti nyali siikuzima. Iye anayambira mbali ina, kutali nako. Kali ndi batire m'kati losasinthika, limene limatha pakapita zaka zisanu mpaka khumi, ndiye tanga ta 2016 tili kumapeto. Kabuku kanandiuza kale mmene ndidzadziwire: nyali ikamaphethira kwa mphindi imodzi mutangoliza galimoto kenako n'kukhazikika, vuto lili pa zipangizozo. Ikangoyaka osaphethira, ndi mpweya. Galimoto zina zilibe timabokosi timeneti, zimangowerenga mmene magudumu akuzungulirira kudzera pa ABS, zipangizo zoteteza magudumu kuti asakakamire pogwira mabuleki, ndipo zimenezo mukapopa mumayenera kudina batani kuti ziyambirenso kuwerenga.

Anandifunsa ngati ndikufuna kachingwe kongolowetsa kunja kapena chigamba cham'kati. Malume anayankha ndisanatsegule pakamwa: "Cham'kati. Mwanayu atsika msewu wa m'phiri wa Khwekhwerere Lamulungu." Bamboyo anapala, anapaka guluu, anadikira kuti aume, anamata. Anati mwayi wake msomali unalowa pamene tayala limaponda pansi. Ukanalowa m'mbali, pofewa paja, sakanamata, tikanagula lina.

Kenako anafunsa za sipeya. Yanga ndi kaja kowonda, ndipo pa iko palembedwa 4.2 bar. Titayeza kanali pa 2.4. Chigulireni galimoto sindinakatulutsepo.

Pobwerera malume anakhala chete mpaka pa mphambano. Kenako anayamba kusimba za tsiku lina kalekale, ali ndi lole yodzaza chimanga, tayala lakutsogolo litaphulika potsetsereka. Anati chiwongolero chinawathawa m'manja ngati chamoyo. Anapulumuka, koma mnyamata wowathandiza anakhala miyezi m'chipatala. "Tayala lopanda mpweya wokwanira limapindikapindika poyenda, limatentha m'kati, nsalu zake zimalekana. Kunja likuoneka bwino. Ife tinkangogogoda ndi chitsulo." Msomali uja anaupempha, ali nawo m'thumba la chijasi.

Ndikaganiza kuti Lolemba ndinali ndi amayi ndi mwana wanga m'galimoto yolemedwa, tikuthamanga pa M1 ndi msomali umenewu kapena ndi mpweya wochepa chotere, m'mimba mukutentha. Amati tsoka silinunkha, koma ili linayatsa nyali, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera kuti ndi chisanu basi.

Lachisanu

Onse anayi 2.3. Ndinayeza kawiri lakumbuyo lija.

Amisiri anati simenti igone, ndiye ndinatenga ana a pamudzi pano asanu kupita nawo ku Chongoni. Anabadwira m'boma lomwe lino koma palibe ndi mmodzi yemwe anaonapo zojambula za m'mapanga. Malowa analowa m'kaundula wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 2006, ndipo onse pamodzi alipo 127. Ife tinafika pa Chencherere. Pathanthwe pali zofiira, mizere ndi mikombero, zimene amati anajambula Akafula, ndi zoyera zadothi zimene anajambula Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Kamtsikana kena kanaima nthawi yaitali patsogolo pa chinyama choyera chotambasula miyendo, kakufunsa ngati ndi buluzi kapena ng'ona. Chinandipweteka ndi maina amene anthu ena alemba ndi makala pambali pa zojambulazo.

Msewu wafumbi wopita kumeneko uli ndi miyala yosongoka. Ndinayenda pang'onopang'ono, maso akubwerera pa dashibodi kawirikawiri. Sikanayake.

Loweruka

Chiliza chavundukulidwa. Anthu anabwera ambiri kuposa mmene tinkayembekezera, ena wapansi kuchokera kutsidya la malire. Kwaya inaimba mphepo ikuwomba, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Amayi anagwira mwalawo ndi manja onse awiri n'kutchula dzina la agogo la paubwana, limene ine sindinalimvepo. Tinaphika nsima miphika isanu ndi umodzi, mbuzi ziwiri, thobwa mbiya zitatu. Lero sindilemba zambiri.

Galimoto inayenda maulendo anayi kukatenga okalamba amene sakanatha kuyenda. Ulendo uliwonse inkadzaza, ndiye m'mawa ndinabwerekanso pampu ija n'kukweza akumbuyo kufika pa 2.6.

Lamulungu

Ndinadzuka mdima usanachoke kuti ndiyambe kulongedza, ndipo ndinapeza malume ali kale pa galimoto, tochi kukamwa, kageji kanga m'manja. Anali atayeza atatu, akulimbana ndi kachivindikiro ka lachinayi. "Akumbuyo asiye pa 2.6," anatero. "Azakhali ako akupatsani matumba awiri a kachewere ndi nyemba, ndipo sungakane." Sindinakanedi.

Amayi anafuna kudzera ku Mua, kumene anaphunzirako ali mtsikana. Tinakhotera pa Masasa n'kuyamba kutsika Khwekhwerere. Amene sanadutsepo msewu umenewu sangamvetse chifukwa chimene malume anaumirira chigamba cham'kati. Umapinda ngati njoka, kona pamwamba pa kona, mbali ina phiri mbali ina phompho, chigwa chonse chili pansi ndi nyanja ikuoneka patali. Ndinatsika pa giya yaing'ono, osadalira mabuleki okha. Makutu anatseka. Tinayamba ndi majuzi pa madigiri 9, pofika pa Golomoti tonse tinali titavula, pali 26, milambe itaima m'minda.

Ku Mua tinapemphera, kenako tinazungulira pang'ono. Mishoniyi anaiyamba ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a Kungoni anawayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976. Amayi anamuonetsa mdzukulu wawo mtsinje umene ankachapako.

Pobwerera tinaima pomwetsa mafuta, ndipo ndinapempha mnyamata wa pamenepo kuti ayeze. Kutsogolo kunali 2.6, kumbuyo 2.9. Anayamba kale kukanikiza kamsomali ka valavu kuti aphwetseko. Ndinamugwira dzanja. "Achimwene, asiyeni choncho. Atentha ndi msewu amenewa." Anandiyang'ana mokayika, ndiye ndinamuonetsa kope la mwana, manambala a m'mawa uliwonse kuyambira Lachitatu. Mukaphwetsa tayala lotentha kuti lifike pa nambala ya pachitseko, likazizira limakhala lochepa, ndipo ndi momwemo ndinayambira mu Epulo. Anawerenga mzere wa Lachinayi, anafunsa kuti 2.1 ameneyu anatani. Ndinamuuza za msomali. Anabwezera tizivindikiro tonse n'kutifunira ulendo wabwino.

Tinadutsa Bwanje dzuwa likulowa, tinamutsitsa msuweni pa Balaka ndi gawo lake la kachewere, n'kufika ku Liwonde cha m'ma 7 koloko.

Lolemba m'mawa, Liwonde

Katundu tatsitsa usiku. M'mawa uno, galimoto isanayende, kutsogolo kuli 2.4, kumbuyo 2.7, onse awiriawiri ofanana, lomatidwa lija osasiyana ndi linzake. Akumbuyo ndawatsitsa kufika pa 2.3 popeza tsopano ndiziyenda ndekha kupita kuntchito. Akutsogolo ndawalinganizanso pomwepo. Sipeya ili pa 4.2.

Kageji ndinakasiya m'manja mwa malume dzulo, akuti aziyezera njinga yamoto ya mwana wawo. Kamene ndayezera leroka ndabwereka kwa aneba, ndipo ndikaweruka ndikagula kena. Amayi ali pafoni ndi achemwali awo, akuwauza kuti tinafika bwino, ndiponso kuti bulangete limodzi la ku Bembeke labwera nafe mosadziwa, lidzabwerera pa Khirisimasi.